Maluwa a ku Japan mu September: pitani ku Kinchakuda, koma musathyole

Achemwali, mwafunsa koti mukajambule maluwa akutchire ku Japan kumapeto kwa September, tanthauzo lake, komanso kamera yoti mugule. Za kamerazo ndisiyira ena. Koma amene akukuuzani za sakura, maluwa a mitengo ya cherry, sanaliwerenge bwino funso lanu: ku Tokyo sakura amachita maluwa kumapeto kwa March mpaka kuchiyambi kwa April, nthawi yanuyi mukapeza masamba okhaokha.

Duwa la nyengo imeneyo ndi higanbana, lofiira psuu, lotuluka pa phesi lopanda ndi tsamba lomwe. Pitani ku paki ya Kinchakuda, ku Hidaka m'chigawo cha Saitama. Mukwere sitima ya kampani ya Seibu pa siteshoni ya Ikebukuro ku Tokyo, mukatsike pa Koma, ola limodzi ndi pang'ono, kenako muyende wapansi mphindi ngati 15. Sitima ndi cha m'ma 600 yen, pakhomo 500 yen. Maluwawa alipo pafupifupi 5 miliyoni, pansi pa mitengo, mtsinje utazungulira. Mufike m'mamawa mkati mwa sabata, chifukwa Loweruka mukangojambula misana ya anthu. Dzuwa likakwera, kufiirako kumapsa pachithunzi, timizere ta duwalo osaonekanso. Tsiku la mitambo ndiye labwino. Gwadani, kamera ikhale yofanana msinkhu ndi duwa, mudikire gulugufe wakuda atere. Chaka chotentha amachedwa kutuluka, mpaka kulowa mu October, ndiye mufunse kaye musananyamuke.

Tsono chachikulu ndi ichi: musathyole, ndipo musapatse munthu. Ine ndili pasukulu ku Japan ndinathyola angapo m'mbali mwa munda wa mpunga, ndi mtima wabwino ndithu, n'kukawapatsa agogo amene ndinkachita lendi kwawo. Sanawalandire. Anabweza manja kumbuyo, nkhope itagwa, n'kundipempha motsitsa mawu kuti ndiwatulutse panja. Amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho. Mpaka lero zimandipweteka.

Duwali limatuluka cha pa 23 September, nyengo ya Higan, pamene mabanja amakasesa pamanda a makolo awo. Chitsinde chake cha pansi n'chapoizoni, choncho akale ankalidzala kumanda ndi m'malire a minda kuti mbewa ndi tinyama tofukula tisayandikire. N'chifukwa chake ena amalitcha shibitobana, duwa la akufa, ndipo okalamba amati ukalilowetsa m'nyumba umaitana moto. Masamba ake amadzamera duwa litafota, awiriwa sakumana, ndiye limaimiranso kusiyana kwa anthu osadzaonananso. Mukaliona pamanda, chitani monga kwathu, osangolowa ndi kamera anthu akupemphera.

Komanso m'masitolo mukaona timitolo totchipa ta maluwa a kiku (chrysanthemum) oyera ndi achikasu, musagulire amene akukusungani. Amenewo ndi opita nawo kumanda kapena oika paguwa la omwalira la m'nyumba.