Chithunzi chothawa chala

Mnyamata wina wa ku Matero, ku Lusaka, wandilembera imelo kuti chithunzi cha mu app yake ya Android chimanjenjemera akamachikoka ndi chala, mwinanso kudumphira pakona. Achimwene, mwatokosa chilonda chakale.

Ine zinandigwera chifukwa cha azakhali anga, telala wa ku Kamwala. Ankafuna kuti kasitomala azisuntha yekha kachithunzi ka thumba pa diresi ya chitenge, aone pomwe likhale nsalu isanadulidwe. Ndinawauza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Masiku atatu ndinagona mochedwa, malaiti akumathima pakati pa ntchito, kathumbako kakungovina pa skrini ngati kagwidwa ndi malungo. Nditakonza ndinakwera minibasi monyada kukawaonetsa. Azakhali anapukuta manja, naika chala chachikulu pafoni, thumba lonse kubisika pansi pa chalacho. "Nanga iwe, ndikuona bwanji pomwe ndikuika?" Akati angogunda kamodzi, thumba lasendera kale. Makasitomala awiri anali pabenchi, akuseka chamumtima.

Kuyambira tsiku limenelo sindikhulupirira emulator, foni yongoyerekezera ya pakompyuta yoyesera app. Mouse ili ndi nsonga ngati singano, pamene chala cha munthu wogwira sizasi tsiku lonse n'chachikulu ndipo sichikhazikika. Achinyamata ambiri amene ndimakumana nawo amayesera app pa laputopu basi, osaipereka ngakhale kamodzi m'manja mwa mayi wa pamsika yemwe foni yake ndi Itel yosweka galasi. Ndi ulesi umenewo, ndipo sindibweza mawu.

Tsono yankho lanu

Mukugwiritsa event.getX() pofuna kudziwa pomwe chala chili, ndikudziwa. Imeneyo imayeza kuchokera pakona ya chithunzicho, chomwe chikusunthanso, n'chifukwa chake chikunjenjemera. Pa ACTION_DOWN (chala chikangokhudza skrini) sungani kusiyana kwa view.getX() kuchotsapo event.getRawX(), yomwe imayeza kuchokera pakona ya skrini; pa ACTION_MOVE (chala chikamasuntha) muziwonjezera kusiyanako ku getRawX() musanaitane setX(). Y chimodzimodzi. Bwezani true pa ACTION_DOWN, apo ayi zotsatira sizikufikani. Chithunzi chikakhala mkati mwa ScrollView, gawo la skrini loyenda m'mwamba ndi pansi, itanani getParent().requestDisallowInterceptTouchEvent(true), kuti ScrollView isakulandeni chala. Ndipo musasunthe kanthu chala chisanapitirire getScaledTouchSlop(), kamtunda kosiyanitsa kugunda ndi kukoka, nthawi zambiri 8dp (dp ndi muyeso wa mtunda pa skrini).

Thumba la azakhali ndinalikweza pang'ono pamwamba pa chala kuti lizioneka. Analigwiritsa mwezi umodzi, kenako anabwerera ku choko chawo.