Nkhuku ya Khirisimasi ya ku Japan: kodi wamalonda wamng'ono angatengerepo chiyani?

Funso: Ndimagulitsa chipisi ndi nkhuku yokazinga pamsika wina mumzinda wa Lilongwe. Mwana wanga wandiuza kuti ku Japan anthu amaima pamzere wautali pa Khirisimasi kuti agule nkhuku ya KFC, ndipo akuti inenso ndiyese kukopa anthu chimodzimodzi. Kodi nkhaniyi ndi yoona, nanga ingathandize bizinesi yaing'ono ngati yanga? Ndine mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo sananame. Ku Japan Akhristu ndi ochepa kwambiri, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse, ndipo pa 25 Disembala anthu amapita kuntchito ngati tsiku lina lililonse, komabe mabanja ambiri amaona kuti usiku wa pa 24 Disembala sunakwane ngati patebulo palibe nkhuku yokazinga yogula kusitolo. KFC inatsegula sitolo yake yoyamba m'dzikolo mu 1970 mumzinda wa Nagoya, mogwirizana ndi kampani ya Mitsubishi, ndipo woyang'anira sitoloyo anali Takeshi Okawara, yemwe pambuyo pake anadzakhala mkulu wa KFC ya ku Japan. Nkhani yomwe imakambidwa kawirikawiri ndi yoti alendo ochokera kunja, atasowa nkhukundembo yomwe anazolowera kudya kwawo pa Khirisimasi, anayamba kugula nkhuku yokazinga m'malo mwake. Mu 1974 kampaniyo inayamba kutsatsa malonda m'dziko lonse ndi mawu akuti "Kurisumasu ni wa Kentakkii", kutanthauza kuti chakudya cha Khirisimasi ndi Kentucky, ndiye kuti KFC, popeza dzina lonse la kampaniyo ndi Kentucky Fried Chicken. Lero zifanizo za Colonel Sanders, yemwe anayambitsa KFC, zomwe zimaima pakhomo pa masitolo amaziveka zovala zofiira za Santa Claus, ndipo mu 2018 malonda a masiku asanu okha, kuyambira pa 21 mpaka pa 25 Disembala, anafika pa ndalama za yen zokwana 6.9 biliyoni.

Chomwe tiyenera kumvetsa bwino n'chakuti KFC inapeza malo opanda mwini. Anthu a ku Japan anali atayamba kale kukonda nyali zokongoletsera, mphatso ndi keke ya Khirisimasi, koma analibe chakudya chomwe makolo awo anawasiyira cha tsikuli, nkhukundembo inali yosowa, ndipo nyumba zambiri zinalibe uvuni waukulu wowotchera nyama yathunthu. Kampaniyo sinalimbane ndi mwambo uliwonse, inangodzaza mphika womwe unali wopanda kanthu. Kuno kwathu zinthu n'zosiyana, chifukwa mpunga ndi nkhuku ndi chakudya cha Khirisimasi kuyambira kale, ndipo mabanja ambiri amasunga tambala wawo kapena kugula nkhuku yamoyo n'kuphika okha. Simukufunika kuphunzitsa munthu kuti adye nkhuku pa tsikuli, koma amene mukupikisana naye ndi khitchini ya kasitomala wanu yemweyo. N'chifukwa chake sindikulangizani kuwononga mpamba wanu pa zikwangwani ndi zokongoletsa poganiza kuti mwambo umapangidwa m'chaka chimodzi. Wa ku Japan watenga zaka 50, ndipo kumbuyo kwake kunali ndalama zambiri zotsatsira malonda pa wailesi yakanema.

Nzeru yomwe ingakupindulitseni ili pa maoda. KFC ya ku Japan imayamba kulandira maoda a Khirisimasi kudakali milungu ingapo, ndipo kasitomala amasankhiratu tsiku ndi nthawi yodzatengera chakudya chake. Chomwe amaodacho nthawi zambiri ndi chidebe cha phwando, momwe mumakhala nkhuku, chakudya china chapambali ndi keke, zonse pa mtengo umodzi. Motero sitolo imadziwiratu kuchuluka kwa nkhuku zofunika, antchito ofunika ndi ola lomwe mafuta ayenera kukhala pamoto. Mizere yomwe mwana wanu wamva ndi yomwe imaoneka pa zithunzi, koma kwa ine monga mlangizi wa zachuma buku la maoda ndi lomwe lili ndi phunziro.

Inu mungachite izi popanda ngongole. Kumayambiriro kwa Disembala uzani makasitomala omwe amadya panu tsiku ndi tsiku kuti mukulandira maoda a banja, mwachitsanzo nkhuku yathunthu yokazinga, chipisi kapena mpunga, saladi ndi zakumwa, pa mtengo umodzi. Aliyense alipiriretu gawo lina, kaya pamanja kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo gawolo likhale lokwanira kugulira nkhuku ndi mafuta a oda yakeyo, kuti ngati sabwera kudzatenga inu musalowe m'thumba mwanu. Ganizirani makamaka anthu omwe tsikuli sangaphike, monga anamwino ndi alonda omwe ali pantchito, achinyamata okhala okha, ndi mabanja omwe akupita kunyanja.

Samalani pa zinthu ziwiri. Mtengo wa nkhuku umakonda kukwera Khirisimasi ikayandikira, choncho musalengeze mtengo wanu musanagwirizane ndi mlimi yemwe amakugulitsani, apo ayi phindu lonse lidzathera pa kusiyana kwa mtengo womwe munalonjeza ndi womwe mudzagulire. Ngati mukuganiza zogula nkhuku msanga n'kuzisunga mufiriji, kumbukirani kuti magetsi akhoza kuzima, ndipo n'kwabwino kuti mlimiyo azisunge zamoyo mpaka tsiku loti muphe. Chachiwiri ndi mphamvu ya chiwaya chanu. Werengani nkhuku zomwe mumatha kukazinga bwinobwino pa ola limodzi, muchulukitse ndi maola omwe mudzagwire ntchito, ndipo nambala imeneyo ikakwana mutseke buku ngakhale ena atachonderera. Ngati chiwaya chimatulutsa nkhuku 4 pa ola ndipo mudzagwira maola 6, malire anu ndi maoda 24, ndipo aliyense mumupatse ola lake lodzatengera monga amachitira ku Japan, kuti anthu onsewo asafike nthawi imodzi akatuluka kutchalitchi.