Myuziyamu ya Marie Curie

Anaphiri, mwafunsa ngati ilipo myuziyamu ya mayi wasayansi yoti mumuonetse mtsikana wanu wa Fomu 3 uja amene akuti fizikisi ndi ya anyamata. Eee ilipo, ya Marie Curie, ndipo zilipo ziwiri. Ina ili ku Warsaw ku Poland komwe anabadwira mu 1867, inayo, yotchedwa Musée Curie, ili ku Paris mu labu yake yeniyeni, ofesi yake mpaka pano ikadalipo.

Mayiwa anavutika inu, kwawo yunivesite sinkalandira akazi, anayamba kaye kuphunzitsa ana m'makomo mwa anthu kuti apeze kangachepe, mpaka 1891 ndi pomwe anapita ku Paris. Mu 1898 iwo ndi amuna awo a Pierre anatulukira maelementi awiri atsopano, polonium ndi radium, kenako kumatakasa miyala ya pitchblende, momwe mumapezeka radium, m'miphika ikuluikulu ngati akuphika thobwa la paukwati, matani ndi matani, koma radium yotulukamo yosadzaza ndi kasipuni komwe. Mphoto ya Nobel anapata kawiri, 1903 ya fizikisi, 1911 ya kemisitiri.

Ine chimandikhudza kwambiri ndi makope awo, mpaka lero ali ndi radiation, mphamvu yosaoneka yochokera ku radium yomwe imawononga thupi, moti amawasunga m'mabokosi a mtovu, ndipo anamwalira mu 1934 ndi matenda a magazi. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse ankayenda ndi galimoto ya X-ray kujambula asilikali ovulala, akuyendetsa okha.

Mugule bandulo alembe Musée Curie pa foni aone zithunzi, kapena Loweruka mubwere naye kuno kwa Kamuzu Road ndidzamuonetse pa laputopu.