Za mysql_fetch_object yomwe yakukanirani, komanso nkhani ya object kapena array

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mukupanga kasisitimu kolembera malonda a golosale ya amalume anu ku Ndirande, mwatsatira kanema wa pa YouTube, koma peji ikungokuyankhani kuti "Call to undefined function mysql_fetch_object()". Mwafunsanso kuti chabwino n'chiti, kutenga zotsatira za query ngati object kapena ngati array.

Laputopu yanu ilibe vuto, XAMPP yanunso (pulogalamu yoyendetsera PHP ndi MySQL pa kompyuta yanu) ili bwinobwino. Kanemayo ndiye wakalamba. Ma function onse oyamba ndi mysql_ anatichenjeza kuti tiwasiye mu PHP 5.5, m'chaka cha 2013, ndipo PHP 7.0 itatuluka mu December 2015 anawachotseratu. Musamalize bandulo kusakasaka PHP yakale kuti khodiyo iyende. Njira zolumikizira PHP ku database zilipo ziwiri: mysqli, ya i kumapetoyo, kapena PDO, yomwe yakhalapo kuyambira PHP 5.1 mu 2005. Ine ndimakonda PDO, chifukwa mawa mukafuna kuchoka pa MySQL kupita pa database ina ngati PostgreSQL kapena SQLite, simuyambiranso kuphunzira.

Mukalumikizana ndi database kudzera pa PDO n'kusunga kulumikizanako mu $pdo, lembani chonchi:

$pdo->setAttribute(PDO::ATTR_DEFAULT_FETCH_MODE, PDO::FETCH_OBJ);
$sql = "SELECT dzina, mtengo FROM katundu WHERE id = ?";
$funso = $pdo->prepare($sql);
$funso->execute([$id]);
$chinthu = $funso->fetch();
echo $chinthu->dzina;

Mzere woyambawo mumaulemba kamodzi kokha, basi fetch iliyonse izibweza object. Kachizindikiro kafunso kali mu SQL musakachotse n'kumata $id m'malo mwake ngati mmene makanema akale amachitira, pamenepo ndi pomwe akuba amalowera ndi SQL injection, kutanthauza kulowetsa malamulo awoawo mu query yanu.

Tsono object kapena array? Pa liwiro musadzivutitse, kusiyana kwake simungakuone pa golosale. Nkhani yagona pa kawerengedwe. Chomwe mumalandira ndi object ya mtundu wa stdClass, ndipo kolamu iliyonse imasanduka property. $chinthu->mtengo imawerengeka mosavuta, mulibe timakoma tambirimbiri toti muiwale kutseka usiku tulo titakugwirani. Mukadzafika pa Laravel, chida chomangira masisitimu a PHP, mudzapezanso kuti DB::select imabweza ma object omwewa, ndiye kuzolowera pano n'kwabwino. Chachikulu sankhani njira imodzi. Mukasakaniza, mudzakumana ndi "Cannot use object of type stdClass as array".

Koma chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: object imatenga mayina ake ku SELECT yanu. Mayina akasokonekera kumeneko, PHP sikuuzani kanthu.

Ine ndinaphunzira movutikira. Ndinapangira sisitimu shopu ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Tebulo ya makasitomala inali ndi id ndi dzina, tebulo ya katundu inalinso ndi id ndi dzina. Ndinalumikiza matebulowo ndi JOIN, n'kulemba SELECT *, yotenga makolamu onse, poti ndinali pachangu. Loweruka m'mawa mwini shopu anandiimbira foni. Nditafika ndinapeza malisiti ali mulu pa kauntala pafupi ndi sikelo ya misomali, ndipo pamalo pa dzina la kasitomala panalembedwa "Simenti 50kg", ena "Malata". Makolamu awiri akakhala ndi dzina limodzi, object singasunge onse awiri, lomaliza limafafaniza loyamba. Za malisitizo zinali zochepa. Chinandiwawa ndi id. Batani lolembera kuti munthu wabweza ngongole linkatenga $mzere->id, ine ndikuganiza kuti ndi nambala ya kasitomala, pomwe inali ya katundu. Ndalama za anthu zinalembedwa pa mayina a anthu ena. Tinakhala ine ndi mayi wosunga kaundula mpaka dzuwa kulowa, iwo akuwerenga m'buku lawo lachikuto cholimba, ine ndikukonza mzere umodziumodzi. Buku lija likanapanda kukhalapo, anthu osalakwa akanalipitsidwa kawiri.

Mankhwala ake ndi AS, yopatsira kolamu dzina lina:

SELECT m.id AS id_ya_kasitomala, m.dzina AS kasitomala, k.dzina AS katundu, k.mtengo

Kenako mumalemba $mzere->kasitomala ndi $mzere->katundu, palibenso chosokoneza. Chimodzimodzinso COUNT(*) kapena SUM: mukapanda kuzipatsa dzina, property yake imatchedwa COUNT(*) momwemo, ndipo kuifikira n'kovuta. Lembani COUNT(*) AS chiwerengero. Samalaninso zilembo zazikulu ndi zazing'ono, chifukwa $mzere->Dzina ndi $mzere->dzina ndi zinthu ziwiri zosiyana.

SELECT * ili ndi vuto linanso. Tsiku lina mudzafuna kutumiza zotsatirazi ku foni ndi json_encode, ndipo object yonse idzapita mmene ilili. Ngati ndi tebulo ya ogwira ntchito, ndiye kuti kolamu ya password yapita nawo, ndipo bandulo ya amalume ikuthera zinthu zomwe sanazifune.

China chomwe chimagwetsa ambiri ndi pamene query sinapeze kanthu. Munthu walemba nambala ya katundu yemwe kulibe. Pamenepo fetch ya PDO imabweza false, pomwe fetch_object ya mysqli imabweza null. Mukapitiriza kulemba $chinthu->dzina, PHP 8 imakuchenjezani kuti "Attempt to read property "dzina" on bool". Ikani if (!$chinthu) pamwamba pake, muuze wogulitsayo m'Chichewa chomveka kuti katunduyo sanapezeke.

Pa ndalama, kolamu ya mtengo ikhale DECIMAL osati FLOAT. Musadabwe ikabwera mu object ngati mawu, "4500.00", ndi mmene imabwerera kuti matambala asasokonekere.

Mukazolowera, pali sitepe ina yomwe ine ndimaiona kuti ndiye phindu lenileni la ma object. M'malo mwa stdClass mutha kupanga class yanuyanu, tinene Katundu, n'kuuza PDO kuti izidzaza imeneyo pogwiritsa ntchito PDO::FETCH_CLASS. Mu class imeneyo mumaikamo method ngati yoona katundu wotsala pang'ono kutha, kapena yolemba mtengo ndi K kutsogolo, ndiye masamuwo amakhala malo amodzi m'malo momwazikana m'mapeji khumi. Pali zinthu ziwiri zoti mudziwiretu. PDO imadzaza ma property kaye kenako n'kuitana constructor (method yomwe imayenda yokha object ikamapangidwa), choncho constructor ikaika mtengo pa 0 imafufuta zomwe zachokera ku database. Mukafuna kuti iyambe ndi constructor, onjezani PDO::FETCH_PROPS_LATE. Chachiwiri, kuyambira PHP 8.2 ya mu December 2022, kolamu yomwe simunaitchule mu class yanu imabweretsa chenjezo la dynamic property. Apanso SELECT * ikupwetekani.

Za fetchAll, yomwe imakoka mizere yonse nthawi imodzi, pa katundu 300 wa m'golosale palibe vuto. Koma malonda a chaka chonse musawakokere mu memory nthawi imodzi, ikani LIMIT kapena yendani ndi while mzere umodziumodzi.

Sinthani kaye kupita ku PDO, kenako muike pano SELECT yanu pamodzi ndi mayina a makolamu a matebulo anu, koma mubise password ya database musanajambule sikirini. Ndikaweruka madzulo ndidzaiona, makamaka ngati muli JOIN.