Floodland: musaitaye CD ya amalume

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amawerenga zolemba zanga. Akuti polongosola katundu wa malemu amalume awo, amene anagwira ntchito ku Britain zaka zambiri, anapeza CD ya chikuto chakuda cholembedwa The Sisters of Mercy, Floodland. Anayesa ndi nyimbo za masisitere. Ataiika, kunatuluka mawu a mwamuna okhuthala ngati akuyankhulira m'chitsime, ndipo mayi awo anangoti izi n'zausatana, zikatayidwe. Funso lawo n'lakuti: aitaye kapena aisunge?

Achemwali, pepani ndi zovutazo. Koma chonde musaitaye.

Pa dzinalo simunalakwe kwenikweni. Chipani cha masisitere a Katolika cha dzina limeneli chilipodi, chinayambira ku Dublin mu 1831. Koma oimbawa ndi anyamata a ku Leeds, ku England, amene anayamba mu 1980, ndipo dzinalo analitenga pa nyimbo ya Leonard Cohen. Maimbidwe awo amatchedwa gothic rock: besi gitala yolemera, mawu otsika, zovala zakuda bii. Mwini mawu aja, Andrew Eldritch, amakana kwamtuwagalu kutchedwa goth, ngakhale aliyense amamuika komweko.

Mdima umene mukuumvawo uli ndi gwero lake. Mu 1985, atangotulutsa chimbale choyamba, gululo linapasuka. Wayne Hussey ndi Craig Adams anachoka n'kukayambitsa gulu lina lotchedwa The Mission, ndipo panali kulimbirana dzina koopsa. Eldritch anakakhala ku Hamburg, ku Germany, komwe analemba nyimbo zimenezi. Floodland inatuluka mu November 1987. Mayi ali pachikutoyo ndi Patricia Morrison, woimba besi, koma Eldritch anadzanena kuti sanaimbemo. Ng'oma nazo si za munthu. Ndi makina, amene anawapatsa dzina loti Doktor Avalanche ngati mnzawo wa m'gulu. Mvetserani bwino: sizithamanga, sizichedwa, sizipuma. Kwa ife amene tinazolowera dzanja la munthu pachikopa, kuzizira kumeneku kumathyola mtima poyamba. Ine ndimamvamo munthu amene anzake amuthawa, watsala ndi makina okha m'chipinda.

Ndiye pali nyimbo ya This Corrosion. Imayamba ndi kwaya ya anthu 40 a New York Choral Society, popanda chida chilichonse, ndipo mwina apa mpamene mayi anadzidzimuka, chifukwa imamveka ngati Misa yayamba kenako ng'oma zija n'kugwa. Anaikonza ndi Jim Steinman, katswiri wa nyimbo zaphokoso lalikulu, ndipo pa CD imatenga pafupifupi mphindi 11. Ambiri amaimva ngati chitonzo kwa anzake aja. Inafika pa nambala 7 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, chimbalecho pa nambala 9. Nyimbo zina zimakamba za madzi osefukira, monga dzina likunenera, ndi mantha a nthawi imene America ndi Soviet Union ankaopsezana ndi mabomba a nyukiliya. Ndamvera chimbalechi kosawerengeka, sindinamvemo kupembedza Satana.

Koma imene imandigwira mtima ndi 1959. Mulibe ng'oma, mulibe gitala. Piyano ndi mawu basi, ndipo 1959 ndi chaka chimene Eldritch anabadwa. Tsiku lina usiku ndinaimvera ndekha nditazimitsa nyale, mvula ikuwaza pamalata, ndipo ndinamva mawu aja, amene kwinaku amaopsa, akunjenjemera ngati a munthu amene wagwira misozi.

Muyambire pamenepo. Dikirani kude, mutsitse voliyumu, muitane mayi akhale pafupi. Muwauze kuti mlongo wawo anainyamula CD imeneyi kuchokera ku Britain n'kuisunga mpaka tsiku lomaliza, kenako muike 1959.