Kwa achimwene a ku Ulongwe amene akufuna kukakweza amayi boti ku Maputo

Achimwene, ndawerenga funso lanu lija loti mwezi wa Sepitembala mukupita ku Maputo kumwambo wa mlongo wanu amene akumaliza maphunziro, ndipo mukufuna kuti amayi anu, amene ndi achikulire, pamodzi ndi ana anu awiri, akakwereko boti loyendera doko poti onsewo sanaionepo nyanja yamchere. Mwafunsanso ngati kuli bwino kungolunjika ku chilumba cha Inhaca monga akukuuzirani anzanu, kapena kudikira ulendo wina wa ku Beira poti ndiko kufupi ndi kwathu. Ine ndinagwira ntchito ku Maputo zaka zinayi ndisanabwerere kuno ku Moatize, ndipo abale ochokera kumudzi ndawaperekezapo kangapo pamadzi amenewo, choncho ndikuyankhani monga ndikanamuyankhira wa bere limodzi.

Muyambe ndi ulendo waufupi wa m'kati mwa doko, wowolokera kutsidya la Katembe, ndipo za Inhaca mukaziganize mutaona m'mene amayi apiririra ulendo woyambawo. Doko la Maputo lili pamathiriro pamene mitsinje ya Tembe, Umbeluzi, Matola ndi Infulene imasonkhana isanalowe m'nyanja, ndipo popeza kuli mtunda mbali zonse ziwiri, madzi ake amaoneka ngati a mtsinje waukulu, osasiyana kwenikweni ndi Zambezi amene amayi anamuolokapo pa Tete. Munthu wachikulire amene akuona mtunda kutsogolo ndi kumbuyo mtima umakhala m'malo, ndipo akayamba kumva nseru mumadziwa kuti pakangopita mphindi zochepa mukhala mutatsika.

Maboti owolotsa anthu amanyamukira kumunsi kwa tawuni, kumene amati Baixa, m'mbali mwa Avenida 10 de Novembro. Chitsegulireni mlatho wa Katembe mu Novembala 2018 magalimoto amadutsa pamwamba, koma anthu apansi ambiri amawolokabe pa timaboti ting'onoting'ono, ndipo mtengo wake ndi wa anthu opita kuntchito tsiku ndi tsiku, ngati wa chapa basi. Aliponso maboti a alendo amene mumachita kubwereka kuti akuzungulitseni kwa ola limodzi kapena awiri, ena onyamukira pafupi ndi doko la asodzi, ena m'makalabu a m'mbali mwa Avenida Marginal. Amenewa ndi okwera mtengo kwambiri, koma ngati thumba likulola ndiwo oyenera amayi, chifukwa mumakhala momasuka, simuthinana ndi akatundu, ndipo woyendetsa amatha kuchepetsa liwiro mukamupempha. Timaboti ta anthu wamba timadzaza kwambiri m'mawa ndi madzulo nthawi yoweruka, choncho mukasankha timeneto mukwere chakumasana.

Mlathowo ndiwo umachititsa kuti ulendowu ukome, makamaka kwa ife a ku Tete amene tinazolowera kunyadira mlatho wa Samora Machel. Danga lapakati pa nsanamira zake ziwiri zazikulu ndi mamita 680, pafupifupi kutalika kwa mlatho wathu wonse wa pa Zambezi uja, ndipo palibe mlatho wina wolendewera pa zingwe mu Africa muno umene uli ndi danga lotere. Ukamadutsa pamwamba pa galimoto ukulu wake suuona bwino, koma ukakhala pamadzi n'kuyang'ana kumwamba, sitima zikuluzikulu zonyamula makontena zikudutsa pansi pake popanda kuugunda, m'pamene umamvetsa chimene anthu amanena. Mupemphe woyendetsa kuti akufikitseni chakufupi ndi mlathowo dzuwa likupendeka, cha m'ma 4 koloko, chifukwa dzuwa limakalowera chakumeneko, mbali ya ku Matola, ndipo nyumba zitalizitali za mumzinda zimawala mukamaziona muli kutsidya. Ana akaona sitima za malasha adzakufunsani ngati malashawo ndi athu a ku Moatize. Muwauze kuti athu amatuluka pa njanji ya Sena kupita ku Beira ndi ya Nacala yodutsa m'Malawi, pamene ambiri amene amapakiridwa ku Matola amachokera ku South Africa. Zithunzi jambulani, koma mukayandikira malo a asilikali apamadzi kapena mipanda ya doko muyambe mwafunsa woyendetsa.

Za Inhaca ndichedwapo pang'ono chifukwa m'pamene alendo a kwathu amalakwitsa. Chilumbachi n'chokongola ndithu, madzi ake ndi oyera, ndipo kuli malo ofufuzira zamoyo zam'nyanja amene anakhazikitsidwa mu 1951, omwe tsopano ali m'manja mwa Universidade Eduardo Mondlane. Pafupi pake pali kachilumba ka mchenga kotchedwa Ilha dos Portugueses, ndipo miyezi ya Julayi mpaka Okutobala anamgumi amadutsa kunyanja yaikulu kuseri kwa Inhaca, moti mwezi umene mukupitawo ena amachita mwayi wowaona. Koma chilumbachi chili pa mtunda woposa makilomita 30 kuchokera mumzinda, ndipo boti loyenda pang'onopang'ono limatenga maola awiri kapena atatu, pamene laliwiro limatenga pafupifupi ola limodzi likudumpha pamafunde ngati galimoto yothamanga pamsewu wa mabampu. Msana wa munthu wachikulire sugwirizana ndi kudumpha kotero. Komanso m'dera limenelo mphepo ya kummwera imatha kuyamba mwadzidzidzi, kawirikawiri masana, ndipo nyanja imene m'mawa inali bata imasanduka china.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka china ndinaperekeza atsibweni anga ndi mwana wawo, tinabwereka boti kwa munthu wina amene anatitchipitsira, ndipo popita zonse zinali bwino. Pobwerera tinachedwa ndi kudya nsomba, woyendetsa sanatifulumize, ndipo titafika pakati mphepo inatipeza. Madzi ankalowa m'boti, majekete oyandamitsa munthu analipo anayi okha pamene ife tinalipo asanu ndi awiri, ndipo atsibweni, amene ali mnyamata ankapalasa bwato pa Zambezi osaopa ng'ona kapena mvuu, anangogwira thabwa n'kutseka maso mpaka kufika. Tinafika amoyo, foni yanga yokha ndiyo inafera m'madzi amchere, koma kuyambira tsiku limenelo sindikwera boti ndisanawerenge majekete ndi maso anga.

Inunso mukachite chimodzimodzi, ngakhale pa ulendo waufupi wa ku Katembe. Kumeneko jeketeyo amati colete salva-vidas, ndipo musakhutire ndi mawu oti alipo. Muwaone, aliyense avale yake boti lisananyamuke, ndipo mufunse za ana makamaka, chifukwa jekete ya munthu wamkulu imavuka yokha pa mwana akagwera m'madzi. Mufunsenso kuti botilo limaloledwa kunyamula anthu angati, ndipo mukaona kuti akupitiriza kukweza anthu malo atatha, tsikani mudikire lina, musachite manyazi. Madzulo a tsiku loti mawa lake mukwera mumvetsere zanyengo zimene INAM, nthambi ya boma yoona zanyengo, imalengeza pa wailesi ndi pa kanema, ndipo akachenjeza za mphepo yamphamvu panyanja ulendowo muusunthe, ngakhale mwini boti atanena kuti palibe vuto. Pa chifukwa chimenechi musalipiretu ndalama zonse pa M-Pesa kapena e-Mola kwa munthu amene mwangomupeza pa Facebook. Mugwirizane kaye kuti nyengo ikaipa akubwezerani kapena akusinthirani tsiku, ndipo ngati ndi ulendo wa ku Inhaca mufunse ngati mtengowo waphatikiza chakudya ndi ndalama yolowera pachilumbapo, poti ndi malo otetezedwa.

Chinthu china chimene ife a kumtunda sitichidziwa ndi chakuti madzi a m'nyanja amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Zambezi amadzaza ndi mvula kapena akatsegula zitseko ku Cahora Bassa, koma nyanja imatsatira mwezi, ndipo malo amene m'mawa boti linaima pafupi ndi gombe masana mumapeza pali matope ndi mchenga wokhawokha. Pamene ndinapita ku Ilha dos Portugueses tinatsikira m'madzi ofika m'mawondo n'kuyenda mpaka kumtunda. Ana amasangalala nazo, koma amayi ovala chitenje ndi nsapato za kutchalitchi sangakondwe nazo, choncho mufunsiretu kuti potsikira pali potani pa ola limene mudzafike. Chilumba cha Xefina, chimene chili kufupi ndi Costa do Sol ndipo chili ndi zotsalira za mizinga yakale ya Apwitikizi zimene nyanja ikuzimeza pang'onopang'ono, nachonso chili ndi vuto lomweli, ndipo ndi cha inu ndi anawo, osati cha amayi.

Za Beira ndiyankha mwachidule. Ndi kufupi ndithu, ndipo doko lake n'lofunika kwa ife chifukwa katundu wambiri wa ku Tete ndi ku Malawi amadzera kumeneko, koma madzi a pamathiriro a Pungwe ndi amatope, amadzaza ndi kuphwa kwambiri kuposa a ku Maputo, ndipo maboti ambiri a kumeneko ndi a asodzi ndi owolotsa anthu opita ku Buzi, si oyendetsa alendo. Ku Beira nyanja mukaionere pamtunda, ku Macuti kumene kuli nsanja yakale younikira sitima. Poti ku Maputo mukupita kale, musadikire ulendo wina.

Tsiku lokwera boti amayi adye chakudya chopepuka, asakwere ndi njala komanso asakhute kwambiri, ndipo ngati amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi mufunse kaye ku farmácia musanawagulire mapiritsi oletsa nseru. Muwakhazike chapakati kapena chakumbuyo kwa boti, kumene sikudumpha kwambiri, ndipo akamva chizungulire ayang'ane kutali kumtunda, asayang'ane madzi a pambali pa boti. Malangizo a woyendetsa adzakhala m'Chipwitikizi kapena m'Chichangana, choncho mukhale nawo pafupi kuti muziwamasulira. Mutenge juzi, pakuti ngakhale anthu a ku Angónia anazolowera kuzizira, mphepo ya pamadzi madzulo imalowa m'mafupa munthu akanyowa. Zitupa zanu za BI ndi mafoni muziike m'pepala la pulasitiki lomanga bwino. Mukafika msanga ku Baixa boti lisanakwane nthawi, linga lakale la Fortaleza lili pafupi pomwepo, ndipo m'menemo mumasungidwa bokosi lamaliro la Ngungunhane, mfumu ya Chingoni ya ku Gaza imene inafera ku zilumba za Apwitikizi za Açores, lomwe linafika ku Maputo mu 1985, malo oyenera kuti ana a Chingoni awaone. Mdima ukakupezani muli ku Katembe musawolokenso pamadzi, mukwere galimoto mubwerere pa mlatho, amayi akauonenso uli ndi magetsi.