Kodi tidikire makina oyamwa mpweya woipa?

FUNSO: Zikomo mkonzi. Ndamva kuti asayansi akupanga makina oyamwa mpweya wa kaboni mumlengalenga. Bwanji dziko lapansi osangodikira makinawo, m'malo movutika kusiya malasha ndi mafuta panopa? — Wowerenga wanu

YANKHO: Ayi ndithu, kudikirako kungatipweteke. Makinawo alipodi. Fakitale ya Orca ku Iceland, yomwe inatsegulidwa mu 2021, anaimanga kuti iziyamwa matani 4,000 pachaka. Koma anthufe, pootcha malasha, mafuta ndi gasi, timatulutsa matani oposa 35 biliyoni pachaka. Zimene Orca ingayamwe chaka chathunthu, ife timazitulutsa m'masekondi 4 okha. Ndipo wina mwa mpweyawu umakhala kumwambako zaka mazanamazana, ndiye wa lerowu adzavutika nawo ndi adzukulu athu.

Chimandiwawa ine n'chakuti zida tili nazo kale. Mu 2004, Stephen Pacala ndi Robert Socolow a ku yunivesite ya Princeton anandandalika njira 15 zochepetsera mpweyawu zomwe zinkagwira kale ntchito: magetsi a dzuwa ndi mphepo, magalimoto osamwa mafuta ambiri, nyumba zosawononga magetsi, kuleka kugwetsa nkhalango, ndi zina. Mfundo yawo inali yakuti palibe njira imodzi ingathe yokha, koma zikaphatikizana zingaimitse kukwera kwa mpweya umene timatulutsawu.

Chichokereni nthawiyo, zidazi zatsika mtengo kwambiri. Magetsi a dzuwa anatsika ndi maperesenti oposa 80 pakati pa 2010 ndi 2020. Dziko la Britain, komwe kunayambira mafakitale a malasha, linatseka siteshoni yake yomaliza yopanga magetsi ndi malasha mu Sepitembala 2024. Ku Norway chaka chomwecho, pa magalimoto 10 atsopano ogulidwa, pafupifupi 9 anali amagetsi. Ngakhale babu la LED limene mumayatsa usiku limadya magetsi ochepa kutalitali poyerekeza ndi lakale lija lotentha poligwira.

Sindikunamizani, zovuta zilipo. Simenti imatulutsa kaboni kuchokera mumwala wa laimu weniweniwo ukamaotchedwa, ndipo ndege za maulendo ataliatali sizingauluke ndi mabatire a masiku ano. Apa luso latsopano likufunikadi.

Koma pa magetsi ndi magalimoto, chotsekereza ndi ndalama ndi mawaya. Munda wa mapanelo a magetsi a dzuwa umafuna ndalama zonse poyamba, choncho kumene ngongole zili ndi chiwongoladzanja chokwera, ntchito imaima ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kwina mapanelo aikidwa kale koma akudikira mawaya okafikitsa magetsiwo m'mizinda. Mukamafunsa atsogoleri, afunseni za zimenezi.